Pensulo ya Mmisiri Inagogoda Kawiri

Shopu ya Mmisiri inali kachipinda kamodzi pakati pa telala ndi wogulitsa mabatire, kopanikiza moti munthu wonenepa ankalowamo cham'mbali. Makompyuta akufa anasanjikizana mpaka kudenga, ndipo fungo la mtovu wowotcherera linali litalowerera m'makoma ndi m'malaya a mwiniwake. Zaka makumi awiri anthu akhala akumubweretsera makina odwala, iye n'kumawadzutsa. Ankalakwitsa mwa apo ndi apo, ndipo vuto lake linali loti ankadziwa zimenezo. Msewu wonse unkadziwanso kuti pensulo yake ikagogoda patebulo kawiri, go go, ndiye kuti wapeza pamene pali vuto. Iye yekha ndiye sankadziwa kuti dzanja lake limamuulula chotero.

Mwana anali naye mmodzi, wamkazi, yemwe ankamutchula Kawaya chifukwa ali wakhanda ankakwawira pansi pa tebulolo n'kumatafuna mawaya. Banja litatha, mwanayo anapita ndi amayi ake, ndipo amayiwo anakwatiwa ndi bambo wina wogwira ntchito ku inshuwalansi. Dzina la bamboyo Mmisiri ankalidziwa bwino lomwe, koma pakamwa pake silinkatuluka. Ankangoti Wamataye, ndipo akatero ankapotoza mlomo ngati walawa mankhwala owawa.

Tsopano Kawaya anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ankagwira ntchito pamalo osindikizira zithunzi, ndipo akaweruka ankathamangira kumalo ochitirako magemu a pakompyuta, komwe anzake ankati palibe womuposa. Mmisiri ankadziwa kuti tsiku lina mwanayo adzafuna makina akeake, ndipo tsikulo ankalidikira ndi mtima wonse. Kumapeto kwa kope lake la ntchito anasunga tsamba limodzi lolembedwa kuti "Ya Kawaya". Zipangizo zatsopano zikatuluka, ankafufuta mzere wakale n'kulemba wina. M'maganizo mwake ankaona awiriwo atakhala mapewa gundanegundane, iye akulongosola, mwanayo akugwedeza mutu.

Lachiwiri lina masana Kawaya analowa atanyamula pepala lopindidwa kanayi.

"Ababa, ndikufuna kumanga kompyuta yanga ya magemu. Tandionerani mndandandawu ndisanagule."

Dzanja la Mmisiri linali litayamba kale kulunjika kukope lija, koma atatambasula pepalalo anapeza kuti ntchito yonse inali itatha. Chilichonse chinalipo, chotayipidwa bwinobwino, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Wasankha ndani zimenezi?"

Kawaya anayang'ana nsapato zake kaye. "Adadi... ndikuti ankolo. Ndi amene andisankhira."

Adadi! Zaka zisanu ndi zitatu mwanayu wakhala akunena kuti ankolo, ankolo, kumeneko kunali kungomusamala iye mtima basi? Ndiye kuti kunyumba uko munthu wamataye uja ndi adadi, ndipo adadiwo tsopano alowereranso m'makompyuta, pamalo pokhapo pomwe Mmisiri ankati palibe angamulande. Nsanje inamukwera mpaka m'makutu. Anavala magalasi, anatola pensulo, nayamba kutsika ndi mndandandawo ngati wapolisi wofunafuna mlandu.

Anayamba ndi purosesa, ubongo wa makinawo, akuyembekeza kuti sigwirizana ndi mazabodi, thabwa lija lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo. Zinkagwirizana. Anapita pa ramu, timitengo tosunga zomwe makina akuchita panthawiyo, poti ophunzira kumene amakonda kugula kamtengo kamodzi kakakulu m'malo mwa tiwiri togwirira limodzi. Tinali tiwiri. Anathamangira pa pawa sapulayi, kabokosi kogawa magetsi, popeza apa ndi pamene anthu ambiri amaumira n'kugula chosadziwika kwawo chomwe chimadzawotcha zonse tsiku limodzi. Chinali chodalirika, cha mphamvu zokwanira ndi zina zotsala. Panalibenso timagetsi tamitundumitundu tongokometsera. Wosankhayo anaika mphamvu zake pakhadi la zithunzi, lomwe ndi mtima wa kompyuta ya magemu, monga mmene Mmisiri mwiniwake akanachitira.

Mzere uliwonse wolondola unkamubaya. Kodi munthu wa inshuwalansi anazidziwira kuti zimenezi? Galimoto ali nayo, nyumba ya mpanda ali nayo, mkazi anatenga, mwana watenga, ndiye ndi nzeru za makompyuta zomwe akhale nazonso? Mulungu amagawa bwanji zinthu?

Pamzere womaliza panali kesi, bokosi lomwe zonsezo zimakhalamo. Kanali kakesi kooneka bwino, kagalasi mbali imodzi. Mmisiri ankakadziwa, anali atamangiramo makina katatu konse. Kutsogolo kwake, m'kati, kuli kashelefu kachitsulo kokhomedwa ndi maliveti, timisomali tosamasuka, ndipo kamadya malo. Anabwerera pakhadi lija, la mafani atatu oziziritsira, lalitali ngati mkono wa mwana. Anawerengera mumtima. Khadilo linali lotalika kuposa malowo ndi zala ziwiri.

Go go.

Kawaya anayang'ana pensuloyo, kenako nkhope ya bambo ake. "Pali vuto, ababa?"

Apa ndi pamene munthu wabwino akanangoti sintha kesiyi mwanangu, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma Mmisiri anali ataona kale chithunzi chokoma kwambiri: Wamataye ali thukuta kamukamu, taye ili pambali, khadi lili m'manja likukana kulowa, Kawaya akumuyang'ana ndi maso ogwa ulesi. Kenako mwanayo akubwerera kuno, kwa bambo ake enieni.

"Palibe," anatero, akupinda pepalalo. "Zili bwino. Ankolo akowo ndi katswiri."

Kawaya anamwetulira mpaka mano onse mbee, kumwetulira komwe bambo ake anali asanakuone kwa zaka. Anawakumbatira mofulumira n'kutuluka akudumphadumpha. Mmisiri zinamuwawa koposa, poganiza kuti chimwemwe chonsecho n'chonyadira munthu wina.

"Amisiri, nkhope yatani ngati mwatafuna ndimu?" anafunsa mayi telala atasuzumira pakhomo, tepi ili m'khosi. "Mwana wabwera kudzakuonani, inu ndiye mwakwinya chipumi?"

"Sokani madiresi anu, mayi. Za makompyuta zisiyeni."

Lachitatu Mmisiri anaika foni patebulo chagada kuti aione ikangowala. Lachinayi anatulutsa chiboolera, nasankha kamsomali kake koyenera maliveti a kashelefu kaja, n'kuchiika pambali chokonzekakonzeka. Ntchito yake inali ya mphindi khumi basi, ndipo ankafuna adzaichite mwanayo akuona. Lachisanu anakhalira kuyeserera mawu. Ankafuna amveke odekha, opanda chitonzo, koma oluma pang'ono: mukanandifunsa poyamba, mwanangu, zinthu izi zili ndi eni ake. Anawabwereza kangapo mpaka kasitomala wina anamufunsa ngati akulankhula ndi iye.

Loweruka m'mawa galimoto inaima pakhomo, koma amene anatsikamo sanali Kawaya. Anali Wamataye, wopanda taye, atavala malaya ogonera kunyumba ndi masilipasi, atafukata kesi ija ngati mwana wodwala. Analowa cham'mbali, naiika patebulo mosamala.

"Amisiri, pepani ndabwera osakuuzani. Zativuta."

"Akatswiri afika," anatero Mmisiri, ndipo kukoma komwe anamva mumtima sikungabisidwe, kunali kukoma ndithu. Anamasula galasi la m'mbali mosafulumira, akuimba kamluzu. Atasuzumira m'kati, kamluzuko kanazima. Khadi linali litapanikizika mopingasa, mphuno yake itakanda kashelefu kaja. Kampata komwe khadilo limalowa pa mazabodi kanali katazuka mbali imodzi, timano take tachitsulo titapindikapindika.

"Mwakanikiza?" anakuwa. "Munthu wamkulu ngati inu, khadi mumalikanikiza ngati mukutseka sutikesi? Simunaone kuti silikukwana?"

"Ine?" Wamataye anatambasula manja. "Ine sindinagwireko n'komwe, amisiri. Ine pulinta ya ku ofesi ikangotafuna pepala ndimaitana anthu. Zinthu izi sindizidziwa mutu wake ndi uti."

"Nanga si ndinu munasankha?"

Bamboyo anakanda m'mutu, nakhala pampando wa makasitomala. "Anandipempha kuti mukadzafunsa ndidzavomere choncho. Koma anasankha yekha mwanayu. Miyezi itatu tebulo lodyera lakhala lodzaza mapepala, tikudyera m'manja. Ndikamufunsa kuti bwanji osagula chowala bwinochi, amati ababa amanena kuti uziyamba ndi magetsi, zowala ndi za ana. Chilichonse ndi ababa amati, ababa amati. Kunena zoona, nthawi zina zimandiwawa."



"Ndiye anabisiranji?" anafunsa Mmisiri ndi mawu otsika.

"Akuti chinthu chikakhala chake, mumaching'amba asanamalize n'kulankhula komwe. Amafuna amve mukunena kuti zili bwino, kamodzi kokha. Lachiwiri lija anafika kunyumba akuvina, amvekere ababa sanapeze cholakwika ngakhale chimodzi." Wamataye anapumira m'mwamba. "Dzulo madzulo khadi litakana, ine ndinati mwina ndi lalitali. Iye anati sizingatheke, ababa anaona ndipo anati zili bwino, ndiye kuti ndine ndikulowetsa molakwika. Anayesa, anayesanso, kenako anakanikiza ndi mphamvu. Tinangomva thyo."

Manyazi anamugwira Mmisiri. Anatenga chiboolera chija, chomwe chinali chikudikira kuyambira Lachinayi, naboola maliveti anayi, kashelefu n'kugwera m'manja mwake. Sizinatenge ngakhale mphindi khumi. Kampata kozuka kaja ndiko kanali ntchito. Anafukula mulu wa makompyuta akufa mpaka anapeza mazabodi yokhala ndi kampata kofanana, anakazula ndi mpweya wotentha, nayamba kuwotcherera timano take kamodzikamodzi, diso lili pagalasi lokulitsa. Wamataye anagwirizira nyali osauzidwa, ndipo dzanja lake silinanjenjemere. Ngakhale zimenezo Mmisiri zinamunyansa pang'ono. Akanakonda munthuyu akanakhala chitsiru.

Dzuwa litapendeka, anabwezeretsa zonse m'malo, nalumikiza sikirini yake yoyesera, n'kudina batani. Mafani atatu aja anazungulira mwakachetechete ndipo zilembo zinaoneka. Pamene ankadzutsa mutu anapeza Kawaya ataima pakhomo. Amayi ake anali atamuuza komwe kesi yapita. Maso ake anali otupa, ofiira.

"Yadzuka, mwanangu," anatero Mmisiri mofulumira. "Taona. Ndachotsa kashelefu, tsopano khadi likukhala bwinobwino. Mndandanda wako unali wabwino kwabasi. Ramu, magetsi, zonse. Ine sindikanasintha kanthu, kupatula..."

"Kupatula kesi," anamalizitsa Kawaya. Analowa, nayang'ana m'kati mwa makinawo nthawi yaitali, kenako anayang'ana pensulo yomwe inali pambali pa chiboolera. "Lachiwiri lija inagogoda kawiri. Ndinaimva, ababa. Ndakulira pansi pa tebulo limeneli, ndimaidziwa."



Kawaya anapitiriza. "Ndinakufunsani ngati pali vuto. Munati palibe. Ndili m'njira ndinkadziuza kuti mwina dzanja linangoterereka, chifukwa ababa anga pa zina akhoza kunama, koma pa kompyuta ayi."

"Ndimaganiza kuti anasankha ndi..." Mmisiri anayang'ana Wamataye, yemwe anali atazimitsa nyali n'kumayang'ana kudenga.

"Ndikudziwa zomwe mumaganiza. Inenso ndinalakwa kukunamizani, pepani. Koma ngakhale akanasankha iwowo, kompyutayo inali ya ndani?"

Mmisiri anakoka kope lake, natsegula tsamba lakumapeto lija, n'kulikankhira kwa mwanayo. Kawaya anawerenga mutu wake, anaona mizere yofufutidwa ndi kulembedwanso zaka zonsezo. Kenako anatseka kopelo mwaulemu n'kulibwezera pamalo pake.

Anazimitsa makinawo yekha, anazula mawaya, namanga galasi la m'mbali ndi sikuludilaiva ya bambo ake, akumangitsa zomangira mopingasa monga bambowo anamuphunzitsira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mmisiri anatambasula manja kuti amunyamulire, koma mwanayo anali ataifukata kale. Pakhomo anatembenuka, nawerama pang'ono ngati mmene amachitira makasitomala aulemu.

"Zikomo kwambiri chifukwa cha ntchito yabwino, amisiri," anatero. "Adadi, tiyeni."

Ulendo uno sanadzikonze kuti ankolo. Galimoto inanyamuka, ndipo mayi telala, yemwe makina ake anali atakhala chete kwa nthawi ndithu, anayambanso kusoka. Mmisiri anatsala ataima pakati pa shopu, kashelefu kachitsulo kaja kali m'manja, akusowa poti akaike.