Mtengo wa a Kalilu Usamukira Kuseri kwa Nyumba

Anthu okuza msewu atafika ku Kanyenda anapaka penti yofiira pa chilichonse chimene chinali m'njira mwawo. Pabwalo pa a Tahiru Kalilu anapaka mitengo iwiri ya mango a boloma, ija mkuluyu anadzala chaka chimene anakwatira.

A Kalilu, omwe anasiya usodzi chifukwa cha msana, anangoti, "Aidule basi, tipezepo nkhuni."

Mwana wawo Nasra sanamve zimenezo. Iye amagulitsa tiyi m'mphepete mwa msewu, ndipo mmodzi mwa obwerabwera pamalo pake anali Raston wa ku Dwangwa, woyendetsa katapila wa okuza msewuwo. M'mawa wina, akudya mandasi, Raston anati anaonapo mtengo waukulu ukuzulidwa n'kukadzalidwa pena, ndipo unaphuka.

"Inu mungathe?" anafunsa Nasra.

"Kunyamula ndingathe, achemwali. Za kuphuka zokhazo sindingalonjeze. Abwana ndiwapempha, mitengoyo ndi yochotsa kale."

Nasra anatseka msanga tsiku limenelo, n'kuthamangira kwawo.

"Ababa, mitengo ija sifa ayi. Tiisamutsira kuseri, pafupi ndi chitsime."

"Iwe, mtengo ndi mbuzi yoti uikoke ndi chingwe?" anatero a Kalilu. Koma masana omwewo Nasra anawapeza kuseri kwa nyumba, akuyeza malo ndi mapazi.

Mango anali atangotha, mvula ili mkati. Amuna apamudzi anakwera m'mitengo n'kusadza nthambi zonse zikuluzikulu, mpaka mitengoyo inaoneka ngati yometedwa mpala. Kenako anakumba ngalande yozungulira tsinde lililonse, kudula mizu yotalika ndi nkhwangwa, kusiya dothi lambiri likugwira mizu yapafupi. Pokulunga dothilo masaka anaperewera. Apo a Kalilu analowa m'nyumba n'kutuluka ndi ukonde wawo wakale, naumanga okha mfundo zake, msana uja ataiwala.

Loweruka m'mawa katapila anabwera akulira. Akabaza anaima, minibasi yopita ku Boma inachepetsa liwiro anthu akusuzumira pazenera, amayi ochokera kodula nkhuni anatula mitolo pansi. Raston anazunguliza malamba patsinde la mtengo woyamba, nakwera pampando wake.

Dothi linang'ambika, mizu yapansi ikuduka, phwa, phwa. Mtengo unapendekeka, unabwerera, kenako unangoti nyamu, kulendewera m'malere ndi chidothi chake chonse. Nthungululu zinamveka mpaka kumsikiti.

Katapila anayamba kuyenda pang'onopang'ono kulambalala nyumba, a Kalilu ali patsogolo, akubwerera cham'mbuyo, manja m'mwamba.

"Kumanzere, mwanangu, denga langa limenelo! Bwera, bwera, ima!"

Mtengo utagwedezeka, nyerere zofiira za m'mango zinagwera anthu amene anayandikitsa. Anabalalika akudzikanda ndi kuseka, wina mpaka kuvula malaya. Nasra zinamuluma m'khosi koma sanasiye chingwe chimene ankawongolera nacho tsinde. Mtengo unatsikira m'dzenje mwake bwinobwino. Anthu anakwirira, kupondaponda, kuchirikiza ndi milimo ya bulugamu, amayi akuthira madzi a pachitsime ndowa ndi ndowa.

Wachiwiri sunayende chotero. Uli m'malere, lamba mmodzi anaterereka, mtengo n'kumenya pansi. Dothi lonse linakhuthuka ndipo tsinde linang'aluka mpaka m'mizu. Raston anazimitsa injini n'kutsika.

"Pepani bambo. Uwu sungachirenso."

A Kalilu anagwira pong'alukapo kwa kanthawi. "Palibe kanthu," anatero. "Ine ndimati yonse iwiri yapita. Nasra, apatse tiyi alendowa."

Kuyambira tsiku limenelo mkuluyu anasamutsira mpando wake kuseri. Mvula ikadula, ankathirira yekha. Masamba ochepa amene anatsala anafota n'kuyoyoka, mtengo n'kungokhala chitsa chachitali. Anzawo pochokera ku swala kumsikiti ankawaseka.

"A Kalilu, mzati wanu uja wayamba kubala?"

Iwo ankangokanda khungwa ndi chikhadabo, kuwaonetsa kubiriwira kwa m'kati.

M'mawa wina Nasra akukoleza mbaula kuntchito kwake, anaona bambo ake akubwera mothamanga, opanda nsapato, chisoti chili m'manja. Anaganiza kuti kunyumba kwagwa zovuta.

"Siya zimenezo, tiye ukaone," anatero ali wefuwefu.

Panthambi yakum'mawa, pamene anasadza paja, panali timasamba tatsopano tofiirira, tofewa, tolendewera ngati tanyowa. Atayang'anitsitsa anapeza tina pamwamba pake, ndi tina kuseri. Nasra anadumpha ngati mwana, n'kuimbira Raston, amene panthawiyi ntchito inali itamufikitsa kutali.

"Waphuka," anatero. "Bwerani Loweruka mudzadzionere nokha."

A Kalilu anamulanda foni.

"Mwanangu, ubwere ndithu. Nsomba ndikakusankhira ndekha kudoko. Komanso kuno kuli anzanga a Usman, msewu ukuwadyera mtengo wawo wa mpoza, akufuna alankhule nawe."