Mmene Mayi Sizasi Ankamalizira Masewero

M'shopu yosokera zovala ija munali amayi atatu, makina awiri ndi zenera limodzi loyang'ana kumsewu. Wamkulu pa onse anali Mayi Sizasi, amene ankayeza anthu ndi kudula nsalu. Nasimbi ankasita pafupi ndi chitseko kuti mphepo izimupeza. Mabatani ndiye ankaponda makina, ndipo dzinali analitenga ali mtsikana, pamene ntchito yake inali yoika mabatani basi. Tsopano imvi zinali zitatuluka m'mutu mwake, koma dzina linakana kuchoka.

Atatuwa anali ndi chizolowezi chimene chinayamba kalekale, pamene TV inali kunyumba kwa Mayi Sizasi kokha. M'mawa uliwonse aliyense ankabwera ndi chimene wasangalala nacho dzulo lake. Nasimbi ankabweretsa nyimbo zatsopano zimene wamva m'basi, n'kumazing'ung'udza chifukwa mawu ake sankawasunga. Mayi Sizasi ankabweretsa sewero la pa TV. Mabatani ankabweretsa makutu ndi mafunso.

Mayi Sizasi sankayamba mwachisawawa. Ankayala kaye nsalu patebulo, tepi ili m'khosi, mapini ali pamilomo. Akangochotsa mapiniwo n'kuwabaya pakatsamiro, onse ankadziwa kuti sewero layamba. Munthu woipa akalowa m'nkhani, ankaliza sizasi m'mwamba. Okondana akakumana, ankasisita nsalu ndi chikhatho. Nkhani ikafika povuta, phazi la Mabatani linkaima lokha pa makina, ndipo makasitomala ena ankaiwala kuti anasiya ana pakhomo.

Ma TV atachuluka, chizolowezicho sichinathe. Mabatani ankafika kunyumba atatopa, ndipo ankati kuonera yekha n'kudzivutitsa, popeza mawa lake akamva zonse zokonzedwa bwino.

Zinthu zinasintha mwana wamkazi wa Mabatani atawagulira mayi ake foni yaikulu n'kuwaphunzitsa kuonera masewero pamenepo. Nthawi imeneyo aliyense ankakamba za sewero la namwino amene anasinthanitsa makanda awiri m'chipatala. Mabatani anaonera gawo lomaliza ali kukhitchini, foni ataitsamiritsa pabotolo la mafuta, ndipo m'mawa anapita kuntchito mtima uli m'mwamba. Kwa nthawi yoyamba nayenso anali ndi chake.

Anapeza Mayi Sizasi akuyeza mayi wina diresi la ukwati wa mwana wake, mapini atachoka kale pamilomo.

"Ndiye namwino uja anagwada pakati pa amayi awiri aja," Mayi Sizasi ankatero, "n'kuulula zonse. Mayi wolemera uja anakweza dzanja kuti amuwombe mbama, koma dzanja linamulemera. Mapeto ake anagwirizana kuti akhale nyumba zoyandikana, ana azidya uku ndi uku."

"Ayi, Amayi, sizinathe choncho," anatero Mabatani, chikwama chili paphewa. "Namwino anamangidwa. Ana analekanitsidwa, wina anapita naye kunja. Taonani, ndili nalo pompano."

Anawasonyeza foni. Kasitomala uja anasuzumira, Nasimbi nayenso anasuzumira. Apolisi anali kumukankhira namwino m'galimoto.

"Kani mumatinamiza, Amayi?" anatero Nasimbi akuseka. "Zaka zonsezi takhala tikudya zophikanso?"

Mayi Sizasi anayang'ana kagalasi ka foni kaja kwa kanthawi. Kenaka anatola mapini pakatsamiro n'kuwabwezera pamilomo limodzi limodzi.

"Poti muli nayo m'manja, muzionera nokha," anayankhula chapamphuno. "Kwezani mkono, mayi, ndiyeze m'khwapa."

Kuyambira tsiku limenelo m'shopu munangotsala phokoso la makina. Mabatani anayesa kukonza zinthu mmene iye ankadziwira. Pa nthawi yopuma masana anaimika foni patebulo lodulira kuti aonere onse sewero latsopano la alongo awiri olimbirana lesitilanti ya bambo awo.

"Timitu ta anthu a mufonimu ngati mabatani a malaya a khanda," anatero Nasimbi atatsinzina diso limodzi. "Ameneyu ndi mwamuna kapena mpando?"

Mayi Sizasi anapempha kuti foni isunthidwe, ikutsekereza nsalu.

Mabatani anafufuzanso nyimbo ina imene Nasimbi anakhala akuing'ung'udza sabata yonse, n'kuiyatsa mokweza. Woimbayo anali ndi mawu osalala ndipo zoimbira zinali zambirimbiri. Nasimbi anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Kani imakoma chonchi." Sanaing'ung'udzenso.

Loweruka akutseka shopu, Mayi Sizasi anapukuta sizasi yawo ndi kansanza nthawi yaitali kuposa masiku onse.

"Mwana wanga wamwamuna wakhala akundiitana kuti ndikapume kwake," anatero. "Mwezi uno ukatha ndinyamuka. Pano ndatsala wodula nsalu basi, ndipo nsalu aliyense angadule."

Mabatani anaphimba makina ake. Anayang'ana tebulo lodulira, m'mphepete mwake mmene munaperepeseka chifukwa cha mimba ya Mayi Sizasi kutsamirapo zaka zonsezo, ndipo sanathe kuganiza munthu wina ataima pamenepo.

Lamulungu masana Mabatani anakhala pakhonde ndi mwana wake wamkazi uja, amene ankamasula tsitsi uku akutokosa foni.

"Amayi, ndapeza lakale lija mumalitchulatchula," anatero mwanayo. "La dalaivala wa lole. Tionere?"

Mabatani anasendera pafupi. Sewero limenelo linkaonetsedwa chaka chimene mwamuna wake, amene anali mmisiri womanga nyumba, anagwa kuchokera padenga n'kugonekedwa m'chipatala. Mwanayu anali akuyamwa. Mabatani ankachoka kuwodi m'mawa n'kulunjika kushopu maso ali ofiira, ndipo zinangochitika kuti m'seweromo namonso dalaivala anachita ngozi n'kugonekedwa.

"Dalaivala uja watsegula maso?" Limeneli ndilo linali funso lake loyamba tsiku lililonse.

Ndipo Mayi Sizasi ankachotsa mapini pamilomo. Lero wagwedeza chala. Lero wapempha madzi. Lero wakalipira namwino kuti wamumeta ndevu moipa. Madzulo Mabatani ankanyamula nkhanizo kupita nazo kuwodi, n'kumazinong'oneza m'khutu la mwamuna wake. Tsiku limene anamuuza kuti dalaivala watuluka m'chipatala, ndipo mkazi wake atamuona pageti wagwetsa beseni la zochapa, mmisiri uja anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa. Iye kunyumba sanabwerere, koma anatsikira kulichete akudziwa kuti dalaivala anabwerera.

"Yatsa," anatero Mabatani.

Zithunzi zinali zachimbuuzi, zovala zachikale. Anaona lole ikugubuduzika. Anaona chipatala. Gawo lotsatira lomwelo dokotala anatuluka m'chipinda, n'kuvula magalasi, ndipo mkazi wa dalaivala anadzigwetsa pansi. Mwana uja anadumphitsa magawo kufunafuna pamene munthuyo adzukire. Panalibe. Sewero lonse lotsalalo linali la achibale kukanganirana lole ndi nyumba ya malemu.

Panalibe chala chogwedezeka, panalibe ndevu, panalibe beseni. Zonsezo Mayi Sizasi anazidula okha, m'mawa ndi m'mawa, molingana ndi thupi la munthu amene ankati azivale.

"Amayi, si mumati anachira?" anafunsa mwanayo.

Mabatani anapukuta maso ndi nsonga ya mpango.

"Anachira," anatero. "Ili wapezali ndi lolakwika. Zimitsa, ubwere kuno ndikumasule kumbuyoko."

Lolemba anafika pashopu foni ili pansi penipeni pa chikwama. Anapachika chikwamacho kumsomali, anathira mafuta m'makina, n'kulowetsa ulusi pasingano. Mayi Sizasi anali atayala kale nsalu ya buluu ya mayunifomu a sukulu, mapini ali pamilomo.

"Amayi, alongo a lesitilanti aja afika pati?" anafunsa Mabatani osadzutsa mutu.

"Funsani foni yanu."

"Yafa. Yagwera m'ndowa dzulo."

"Pepani ndi maliro," anatero Nasimbi ali pakona pake. "Mwambo uli liti, tidzabwere ndi nkhata?"

Palibe anaseka. Sizasi inapitiriza kudya nsalu. Mabatani anaponda makina pang'ono, n'kusiya.

"Dzulo ndinakumbuka dalaivala wa lole uja," anatero.

Sizasi inaima pakati pa nsalu.

"Anachira, eti Amayi?"

Mayi Sizasi anatembenuka n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi. Anamuyang'ana nthawi yaitali, mpaka Nasimbi anaimika simbi kuti malaya angapse. Panja basi inaliza hutala, wina anadutsa pazenera akukankha njinga.

"Anachira," anatero Mayi Sizasi pang'onopang'ono. "Ndinaona ndi maso angawa."

"Inenso ndi mmene ndikudziwira," anayankha Mabatani. "Mkazi wake anagwetsa beseni."

"Linali la buluu ngati nsalu iyi."

Kenaka Mayi Sizasi anakweza dzanja, anachotsa mapini pamilomo n'kuwabaya pakatsamiro.

"Alongo aja," anayamba motero, "wamkulu uja analowa kukhitchini m'mawa kusanadzaze anthu, n'kupeza mng'ono wake wasintha maloko onse." Analiza sizasi m'mwamba. "Mukumudziwa mmene amayendera akakwiya, ngati munthu amene nsapato yamuthina."

"Ameneyo ndi ine ndikapita kwa apongozi," anatero Nasimbi.

"Nanga wophika wawo wokalamba uja ali mbali ya ndani?" anafunsa Mabatani.

"Dikirani, mayi inu, nsalu sitiyambira kumpendero."

Nkhani itangofika pamene wophikayo anatulutsa kiyi wina m'thumba la epuloni, m'chikwama cha kumsomali chija munayamba kulira foni. Inalira momveka bwino, nyimbo yake yomwe ija ya woimba wa mawu osalala. Mabatani anaweramira pamakina ngati wataya singano.

"Mtembo wanu ukuimba," anatero Mayi Sizasi.

Nasimbi anatenga mulu wa mayunifomu osasita, anaunjika pamwamba pa chikwama, n'kuyamba kung'ung'udza nyimboyo mokweza, mokhotakhota monga ankachitira kale, mpaka foni inatopa yokha.

Mayi Sizasi anapukusa mutu, koma pakamwa pawo pankanjenjemera ndi kuseka. Anamaliza gawo la tsikulo alongo awiri aja atakhala pansi kukhitchini, akusenda anyezi m'beseni limodzi, aliyense akunamizira anyeziwo misozi yake. Mabatani sanafunse ngati zinathadi choncho.

Atayambanso kuponda makina, anafunsa funso lina, mawu ake akubisala m'phokosolo.

"Nanga mwana wanu uja, mwezi ukatha?"

Mayi Sizasi anatenga choko, anajambula mzere wa kolala pansalu, n'kuuzira fumbi lake.

"Adikire," anatero. "Alongowa sagwirizana msanga. Seweroli ndi lalitali."