Thaulo Lonyowa Pachingwe

Mwana wanga wachisamba anafa pa ngozi ya galimoto bambo ake ali gone m'chipatala ndi sitiroko. Adokotala anati tisawauze, mtima wawo sungapirire. Atatuluka tinawanamiza kuti mnyamatayo wapeza ntchito kutali: amanyamuka iwo asanadzuke, amabwera atagona.

Umboni wake unali thaulo lake. M'mawa uliwonse ndinkaliviika pampopi, kulifinya, n'kuliyanika moyang'anana ndi zenera lawo. Akasuzumira ankati, "Wasamba kale ameneyu," n'kumwa mankhwala awo mosavuta.

Mlongo wake, amene akuphunzira filosofi ku yunivesite, ankanditonthoza.

"Amayi, si bodza kwenikweni. Aphunzitsi athu amati dziko limene munthu amaliona amalimanga yekha m'mutu mwake. Kwa adadi, achimwene ali moyo."

"Ndiye azimanga okha," ndinatero. "Mutu womanga ndi wawo, koma msana ukupweteka ndi wanga."

Chinandiopsa n'chakuti nanenso ndinayamba kumva fungo la sopo wake m'bafa. Tsiku lina ndinamupakulira chakudya, n'kuvindikira. Ndinati ayi, ndipenga. Thaulo ndasiya, ndipo akafunsa ndiwauza, kaya mtimawo upirira kaya ayi.

M'mawa mwake sindinalikhudze. Ndinapita kukasesa kumaso kwa nyumba. Pobwerera, ndinalipeza lili pachingwe, likudontha. Ndinaitana mlongo wake uja.

"Iwe, wayanika ndiwe?"

"Ine ndangodzuka kumene, amayi," anatero mtsikanayo. Filosofi yonse inali itamuthera pankhope.

Tsiku lotsatira ndinabisala kuseri kwa chitseko cha khitchini. Amene anatuluka anali bambo ake, akukoka mwendo, thaulo lili paphewa. Analiviika, n'kuyamba kulifinya ndi dzanja lawo limodzi limene sitiroko inawasiyira, mbali inayo ataluma ndi mano.

"Bambo ake, mukutani?"

Sanadzidzimuke. "Dzulo munaiwala, amake."

"Ndiye mukudziwa?"

"Namwino anandipepesa maliro ndisanatuluke m'chipatala. Nditafika kuno, ndinaona kuti chimakudzutsani m'mawa ndi thauloli. Ndinaopa kuti likauma, mugwa. Ndikanati chiyani?"

Ndinafuna kuwakalipira. M'malo mwake ndinawalanda thaulolo, amafinya moipa, madzi anali atawanyowetsa malaya. Ndinalifinya bwinobwino, n'kuliyanika pamalo pake.

Kenako tonse awiri tinangoima, maso ali pachitseko cha bafa, tikumvetsera.