Malo M'manda a Banja la Corliss

Bambo Wendell Corliss ankafuna chinthu chimodzi chokha: akamwalira, akagone pambali pa akazi awo m'manda a banja, kuseri kwa tchalitchi chakale ku Massachusetts. Mandawo ndi a zidzukulu za Elnathan Corliss, amene anabwera pa chombo kuchokera ku Mangalande mu 1638. Poika mayiwo palibe anafunsa kanthu. Koma tsopano malo anali atachepa, ndipo komiti yatsopano, anthu okonda mapepala kuposa abale, inalamula kuti aliyense aonetse umboni wa magazi.

Ntchito yofufuza umboniwo inagwera Lois, mwana wa Bambo Corliss. Kwa miyezi isanu anazungulira matauni, akutsokomola ndi fumbi la mabuku a ubatizo, kulumikiza kholo ndi mwana mpaka mibadwo khumi. Mzere wawo wonse unkachokera kwa Josiah, mwana wa Elnathan.

Tsiku lina, m'chipinda chapansi cha tchalitchicho, anapeza a Josiah awiri m'mabukumo. Woyamba, mwana weniweni wa Elnathan, anafa ndi nthomba ali ndi zaka zinayi. Patsamba lina m'busa analemba kuti Elnathan anatenga mwana wamasiye wa wantchito wake n'kumupatsa dzina la malemuyo. Wachiwiriyu ndiye anali kholo lawo. Lois akanatha kupereka tsamba la ubatizo wa Josiah woyamba lokhalo, pakuti ndani akanatsikira m'fumbi lija kukafufuza? Koma kunama pa nkhani ya manda kunamuchititsa mantha.

Anapeza bambo ake akudya kunyumba yosungira okalamba.

“Nkhope ya maliro ndisanafe?” anatero mkuluyo. “Khala pansi, kazitape wa akufa iwe. Wapeza chiyani?”

“Malizani kaye supu, Bambo.”

“Supu ameneyu ndi madzi otsukira mbale. Kamba.”

Lois anafotokoza zonse, osasiyako. Mkuluyo anaika supuni pansi.

“Ndiye kuti a komiti andikana.”

“Tsamba linalo ndikhoza kulibisa, Bambo. Mungondiuza.”

“Ndilowe m'manda mozemba ngati wakuba? Ayi, mwanawe. Ine mukandiika paliponse.”

Mkuluyo anakankhira mbale ya supu pambali n'kupitiriza.

“Mayi ako ankafuna kukagona kwawo ku Maine, pafupi ndi achemwali awo. Ine ndinakakamira, ati tikagone limodzi kwathu. Ndiye taona, Lois, ndinakawasiya okha pakati pa alendo.”