Wachitatu wa Panyumba ya Okalamba

"Mayi anga sanagwirepo ngakhale supuni m'nyumba muno," anatero Ampofo potsika galimoto, suti yakuda ili bii. "Ankangotsokomola, anthu n'kuthamanga. Mfumukazi yeniyeni!"

Malume ake, a Gyamfi, anatsika pambuyo pake. Anachokera kumudzi kudzaona okha nyumba yosungira okalamba ya ku Ejisu, kumene mlongo wawo Dufie, mayi ake a Ampofo, anamwalirira Lachiwiri. Kumudziko kunkamveka zoti Ampofo anataya mayi ake kwa anthu osawadziwa. Zikanapezeka zoona, abale akanamulipitsa nkhosa, ndipo pamaliro akanakhala kumbuyo, pafupi ndi oimba ng'oma.

"Mfumukazi imene unkaiona pa Khirisimasi pokha," anatero Konadu, mlongo wake wa Ampofo.

"Ntchito, chemwali."

"Ntchito yokulitsa mimba yakoyo?"

Anapeza ili nthawi ya nkhomaliro. Khonde linali lodzaza nkhalamba, aliyense ndi mbale yake. Mtsikana wantchito, Adiza, ankathamanga uku ndi uku ndi mphika wa msuzi wa mtedza, thukuta lili kamukamu.

"Anzako ali kuti, mwana wanga?" anafunsa a Gyamfi.

"Mnzanga akusambitsa agogo ena, bambo. Tilipo awiri basi."

"Awiri? Khamu lonseli?"

"Tinalipo atatu mpaka Lachiwiri."

"Wachitatuyo ali kutchuthi, malume," Ampofo analowererapo msanga. "Ndimamudziwa, mtsikana wolimbikira kwambiri."

Adiza anamuyang'ana. "Ndikunena Maame Dufie, mayi anuwo, achimwene. Tinkawaletsa, koma akamve ndani? Ankati iwo aphikira madalaivala pasiteshoni moyo wawo wonse, ndipo msuzi wathu ndi madzi otsukira mbale. Anatilanda chipande sabata yoyamba yomweyo. Osaona ndi onjenjemera manja ankawadyetsa okha, uku akuwakalipira."

Ampofo anamasula tayi. M'makutu mwake nkhosa inali itayamba kale kulira.

Koma a Gyamfi anaseka mpaka kugwira chipilala, kenako anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu yawo yamaliro.

"Nkhosa ija isiye idye udzu, mphwanga. Ukanamukhazika pampando ngati mfumukazi, mlongo wanga akanafa mwezi woyamba. Kuno anapeza anthu oti aziwalamula. Anali pakwawo."

Kumapeto kwa khonde, mkulu wina wosaona anali akugogoda mbale ndi chala.

"Dufie! Lero wachedwatu, mkazi wamwano iwe."

Adiza, manja ali odzaza, anathira msuzi m'mbalemo n'kuisuntha ndi chigongono mpaka inaima pamaso pa Ampofo. Konadu anamukankha pamsana.

Ampofo anapinda mkono wa suti, anakhala pabenchi, anatunga msuzi ndi supuni n'kuifikitsa pamlomo pa mkuluyo. Mkuluyo anatseka pakamwa, n'kutembenuzira nkhope kumbali.

"Dufie amayamba wauzira."

Ampofo anaweramitsa mutu, nauzira.