Msonkho wa Amayi

Digiri anaika bokosi pansi kuseri kwa ofesi ya katundu, n'kuliponda pangodya ndi chidendene. Analitembenuza, n'kulikhwekhwereza pasimenti pamene mabasi amadonthezera oilo, kenako analimenya theche.

"Lakulakwira chiyani bokosilo?" anafunsa mkulu wa pasikelo, ataima pakhomo ndi kapu ya tiyi. "Kapena ndi limene linakuchotsa ku koleji?"

"Likuoneka latsopano kwambiri, bambo. Bokosi lochokera kutali silifika ngati mkwatibwi."

Mkuluyo anasiya kuseka. Analowa mu ofesi, n'kutuluka ndi kapepala kofiira kamene amamata pa katundu wotsika m'mabasi akunja. Anakamata yekha pabokosipo, mopendeketsa, ngati mmene amamatira anthu otopa.

Dzina loti Digiri anamupatsa ndi makondakitala a padepotipo, atamva kuti mnyamata watsopano wonyamula katundu anasiya koleji ali m'chaka chomaliza. Amene ankamulipirira anali achemwali ake, omwe ankagwira ntchito kunja, yosamalira gogo wina wofa ziwalo m'nyumba ya anthu olemera. Chakudza sichiimba ng'oma. Achemwaliwo anadwala masiku ochepa, n'kumwalira, n'kuikidwa komweko, m'manda amene a pabanja anangowaonera pafoni. Anasiya mwana wamkazi, Kachiwala, yemwe anali atangoyamba kumene kuwerenga yekha.

Kachiwala sankadziwa. Anali ndi mphumu, ndipo agogo ake, amayi a Digiri, analumbira kuti nkhani yotere ikhoza kumutseka mpweya. Mapemphero a maliro anachitikira kutchalitchi mwana ali kusukulu. Anthu oyandikana nawo anapemphedwa kusunga pakamwa, aphunzitsi chimodzimodzi. Mwana anauzidwa kuti abwana a amayi ake awalanda foni. M'nyumba ya zipinda ziwiri ija munalibe polirira, choncho aliyense ankameza misozi yake ngati mankhwala.

Koma mwanayo anayamba kufunsa za bokosi. Amayi ake sankalephera kutumiza bokosi la zakudya zakumeneko, ndipo nthawi yake inali itadutsa.

M'mawa wa Loweruka limene anaponda bokosi lija, Digiri anayamba wapita kusitolo ya mayi wina wochokera kudziko limene achemwali ake ankagwirako ntchito, pafupi ndi msika. Sanavutike kusankha, zonse ankazidziwa pamtima: nkhuyu zouma zotungidwa pachingwe, zipatso za kanjedza zonata m'zala, mtedza wobiriwira wa zikamba zoyasama, maswiti a chitowe ofumbutuka ngati dothi la chilimwe, ndi chokoleti chakuda chowawira.

"Iwe unakhalako kwathu?" anafunsa mayiyo poona zimene anasankha.

"Ayi. Achemwali."

"Anakukonda kwathuko?"

Digiri anangogwedeza mutu. Akananena chiyani? Achemwali ake dzikolo sanalione. Ankakhala m'nyumba yotseka geti, kutembenuza gogo, kumusambitsa, kumupukuta. "Dziko lino ndalidziwira m'kamwa, achimwene," ankatero pafoni akuseka. "Misewu yake sindikuidziwa, koma ndifunseni za maswiti."

Anafika kunyumba masana, bokosi lili paphewa. Amayi ake anali pakhonde, pamakina awo osokera, akupinda m'munsi mwa thalauza la munthu. Anayang'ana bokosi, n'kuyang'ana mwana wawo, phazi likupalasabe makina.

"Kachiwala," anaitana ndi mawu amene anali atawakonzeratu. "Taona chimene abweretsa amalume ako."

Mwanayo anatuluka akudumphadumpha monga mwa dzina lake. Analanda sizasi ya agogo ake, n'kudula tepi yekha, lilime lili panja. Ankatulutsa chimodzichimodzi, kuchinunkhiza, n'kuchiika patebulo. Digiri anaima potsamira chitseko, ndipo kwa kanthawi anamva ngati wachita chinthu chanzeru, koyamba chisiyireni sukulu.

Kenako Kachiwala anayamba kutembenuza mapaketi aja. Anatenga la nkhuyu, n'kuliyang'ana m'mbali zonse. Anatenga chokoleti, n'kuyendetsa chala papepala lake losalala.

"Msonkho uli kuti?"

Apo m'pamene Digiri anakumbukira. Achemwali ake sankatumiza chinthu chosatsegula. Paketi iliyonse ankaitsegula, kudyako pang'ono, n'kuimanganso ndi ulusi. Chokoleti chinkafika cholumidwa pangodya, ndipo pakati pa polumidwapo pankatsala kamzere kotukuka, chifukwa mano awo akutsogolo anali ndi mpata. Umenewo ankautcha msonkho. "Chakudya chodutsa m'manja mwa mayi chimalipira," ankatero. Digiri anali atatha maola akukonza kunja kwa bokosi, zam'kati osaziganizira.

"Mwina anali pa changu," anatero agogo, makina ataima.

"Amayi sakhala pa changu pa chokoleti."

"Mwina dzino likuwawawa."

"Nanga nkhuyu? Nanga mtedza?" Anabweza chokoleti patebulo pang'onopang'ono. Sankayang'ana munthu. "Akadali okwiya."

"Okwiyira ndani, mwana iwe?"

"Ine. Tsiku lija anati sabwera pa holide, ine ndinati ndiye khalani komweko, musabwerenso. Ndinaponya foni pabedi." Anakankhira bokosi pambali. "Chiyambire pamenepo sanaimbenso. Za abwanazo munangonena kuti ndisadandaule, ndikudziwa. Tsopano sakufunanso kudya ndi ine."

Analowa kuchipinda, n'kukoka katani ya pakhomo.

Digiri anayang'ana amayi ake. Miyezi yonseyi ankaganiza kuti mwanayo akungodikira, ngati mmene munthu amadikirira basi yochedwa. Sanadziwe kuti wasenza mlandu pamutu, yekhayekha, akudya nawo m'mbale imodzi.

Amayi ake anadzuka, n'kupisa dzanja m'bokosi. Pansi pa nyuzipepala zimene Digiri anayalamo panatsala chokoleti chaching'ono chimene mwana sanachione. Anamufumbatitsa.

"Pita kuseri ukalume," ananong'ona. "Tinena kuti chinabisala pansi."

"Amayi, mano anga alibe mpata."

"Mpatawo tikonza ndi singano. Ndakonza zambiri ine, zong'ambika kuposa apa."

Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, amatero. Awa anali atagonera miyezi, ndipo anali atayamba kununkha. Komabe Digiri anapita. Anakaima pampopi kuseri kwa nyumba, pakati pa ndowa ndi zovala zoyanika, n'kusenda pepala. Analuma pangodya.

Chinali chowawa kuposa mmene ankakumbukira. Chinakakamira kumwamba kwa kamwa, osasungunuka. Iye m'mabokosi onse aja ankangotola mtedza, chokoleti ankachinyoza kuti n'cha anthu odwala malungo. Tsopano anaima ndi kukoma kumene achemwali ake ankakukonda kuli m'kamwa mwake, pamalo pamene panayenera kukhala mano awo, ndipo sanameze.

Zenera la kuchipinda linali pamwamba pa mpopi. Anamva mawu a Kachiwala, apansipansi. Mwanayo anali ndi foni yakale yakufa imene ankaseweretsa.

"Halo, amayi. Ndine. Ndimangocheza tsiku lija. Ngakhale musabwere pa holide palibe kanthu. Ndikumachapa ndekha masokosi." Anapuma, ndipo m'chifuwa mwake munalira kamluzu ka mphumu. "Mungolumako pang'ono basi. Olo nkhuyu imodzi."

Digiri analavulira m'ngalande. Anatsegula mpopi, n'kutsuka m'kamwa, n'kubwerera m'nyumba. Amayi ake anali ataima patebulo, singano ili kale m'manja.

"Bweretsa."

"Ndikukamuuza."

"Wapenga? Ukufuna undiphere ndi uyu yemwe?"

"Tikumupha kale, amayi. Tikungochita pang'onopang'ono kuti tisaone."

"Mwana amaiwala. Akalandira cholumidwa aseka, mawa apita kusukulu."

"Ndiye ndizilumabe mpaka liti? Mpaka adzakwatiwe? Tsiku la ukwati tidzati abwana sanabwezebe foni?"

"Usandiyankhule ngati uli m'kalasi. Sukulu yako yosathayo isakupusitse." Mawuwo atatuluka, anamuyandikira. Anagwira mkono wake ndi manja onse awiri. "Ndataya mmodzi osamuona nkhope. Uyu akabanika pano, ndidzati chiyani kwa mayi ake?"

Digiri anayang'ana katani ya kuchipinda. N'kutheka kuti amayi ake ankanena zoona. Iye sanali dokotala, sanali chilichonse, anali munthu wonyamula mabokosi a eni ake. Anachotsa manja awo pamkono pake mofatsa, n'kutenga kampope ka mphumu pamwamba pa kabati. Anakagwedeza pafupi ndi khutu kuti amve ngati muli mankhwala. Munali.

Kachiwala anali atakhala pabedi, miyendo ili lende, foni yakufa ili pamiyendo. Digiri anagwada pansi kuti maso awo alingane. M'mutu mwake munali mawu ambiri ofewa, oti anapita, anatisiya, akupuma. Onsewo anali ndi khomo loti mwana n'kutulukirapo akuyembekezerabe.

"Kachiwala, amayi ako sanakwiye. Anadwala kumene kuja, ndipo anamwalira."

Mwanayo anamuyang'ana pakamwa, ngati mawuwo akuwawerenga.

"Liti?"

"Kalekale. Patangopita masiku pang'ono chichitikireni za foni zija."

"Chifukwa ndinati asabwerenso?"

"Ayi. Ayi, mwana wa achemwali anga. Anali matenda a m'chifuwa. Tsiku lija utaponya foni ndinaitola ndine. Ankaseka mpaka kutsokomola. Anati, mwanayo pakamwa watengera ine, mumupatse tiyi agone."

Kamluzu kaja kanakula. Mapewa a mwanayo anayamba kukwera ndi kutsika. Digiri anatsegula kampope n'kukayandikiza kukamwa kwake, koma Kachiwala anakalanda, n'kutembenukira kukhoma, n'kudzipopa yekha. Anakhala choncho, atafulatira. Digiri ankamvetsera mpweya uliwonse, mawondo akuwawa pasimenti, mpaka mluzu unachepa.

"Bokosili wagula ndani?" anafunsa osatembenuka.

"Ine."

"Agogo amadziwa?"

"Amadziwa."

"Aphunzitsi?"

"Eya."

"Mayi a pagolosale aja amandipatsa siwiti yaulere?"

Digiri anaweramitsa mutu. Mwanayo sanalire. Anangoika foni yakufa ija pansi pa pilo.

Amene analira anali agogo. Anali ataima kuseri kwa katani akumva zonse, ndipo atamva kuti mwana akupuma, china chake chinaduka mwa iwo. Anakhala pansi pomwepo, pakati pa nyenyeswa za nsalu, n'kuitana mwana wawo ndi mawu amene anawatsekera m'chifuwa miyezi yonse ija. Kulirako kunadutsa pakhonde, n'kukafika mumsewu.

Maliro n'kulirana. Woyamba kulowa anali mayi wa pagolosale, atasiya malonda osatseka. Kenako mkazi wa wometa tsitsi, kenako mwini thalauza lija, amene anabwera kudzatenga chovala chake n'kungovula chipewa. Palibe anafunsa kuti kwagwanji. Onse ankadziwa kuti maliro amenewa anali ndi ngongole ya misozi. Azimayi anakhala pansi mozungulira agogo, azibambo anatsamira khoma. Wina anayambitsa nyimbo, motsitsa.

Digiri anakhala pampando wa makina osokera, pafupi ndi khomo. Anaganiza zoti ateleke madzi a tiyi, koma sanadzuke.

Katani inasuntha. Kachiwala anatuluka, maso ouma, ndipo nyimbo inazilala. Anapita pakabati, n'kutenga mbale yaikulu ya alendo. Anang'amba mapaketi aja ndi mano, limodzi ndi limodzi, n'kukhuthulira zonse m'mbalemo, nkhuyu, zipatso za kanjedza, mtedza ndi maswiti ofumbutuka. Kenako anayamba kuzungulira, akugwada pang'ono pamaso pa aliyense monga anamuphunzitsira.

"Izi ndi zimene amakonda amayi anga," ankatero kwa aliyense.

Anthu ankatola mwaulemu, n'kumatafuna mosamala zinthu zimene sanazilawepo. Mwini thalauza anavutika ndi chikamba cha mtedza. Mayi wa pagolosale anapeza njere yaitali m'kamwa, n'kuifumbata, kusowa poitaya. Agogo anatola nkhuyu imodzi, osaidya, anangoigwira pachifuwa.

Mbale inayandikira kukhomo. Digiri anatambasula dzanja. Kachiwala anaima pamaso pake, n'kuyang'ana dzanjalo, kenako anapitirira n'kukagwadira mkazi wa wometa tsitsi.

Dzanja linatsala m'malere. Digiri analibweza pabondo pang'onopang'ono, ngati munthu amene amangofuna kudziwa ngati kunja kukugwa mvula.