Uvuni Woopa Mwaye

"Tsiku limene uvuni uwu udzalawe moto, onse ophika buledi m'tauni muno adzayamba kugulitsa makala," anatero a Injiniya, dzanja lina m'chiuno, lina likusisita uvuniwo ngati mutu wa mwana amene wakhoza mayeso.

Womvera analipo mmodzi yekha, a Telala a kuseri kwa mpanda, amene anasuzumira tepi ili m'khosi, ulusi uli pakamwa.

"Ndiye tsikulo ndi liti, aneba? Ndifuna ndiwachenjeze, ena ndi makasitomala anga."

"Zinthu zabwino sizithamangiridwa."

Uinjiniya wa a Injiniya unali wa pakamwa. Ankalondera pageti la kampani ina yomanga nyumba, ndipo poti mainjiniya enieni ankadutsa pomwepo m'mawa ndi madzulo, nzeru zina zinkawagwera ngati fumbi la galimoto. Atapuma ntchito anabwera kunyumba ndi chipewa cholimba chachikasu, dzina n'kuwakanirira.

Uvuniwo unaima pamene kale panali dimba la matimati la akazi awo, ndipo nkhani yonse inagona pamenepo. Mayiwo anangochoka masiku ochepa kukaona achemwali awo. Pobwerera anapeza matimati atazulidwa, mizu ikuyang'ana kumwamba, amuna awo ali m'dzenje ndi chingwe choyezera, akufotokozera nkhuku za maziko.

Kunena zoona, ntchito inagwiridwa. Pansi anayala mabotolo opanda kanthu, akuti osunga kutentha, ndipo poti mabotolo odzaza sakanathandiza, a Injiniya ndi a Telala anadzipereka kuwakhuthula okha. Pamwamba pa mabotolo anayala njerwa. Kenako anaunjika mulu wa mchenga wonyowa, n'kuuphimba ndi nyuzipepala zakale, n'kumata dothi losakaniza ndi utuchi, loponda ndi mapazi awo omwe mpaka zidendene kung'aluka. Dothi litauma anakumba mchenga uja ndi chikombe kudzera pakhomo, m'kati n'kutsala mphanga yosalala bwino. Chitseko anadula ku mgolo wakale. Chumuni inali paipi imene palibe anafunsa kumene inachokera.

Akanalekera pomwepo bwenzi anthu akudya buledi. Koma a Injiniya anati chinthu chosakongola chimachotsa njala. Anapaka laimu uvuni wonse, mbee. Anamata zidutswa za mbale zosweka kuzungulira khomo, ndipo mbale zosweka zitatha, mbale zabwinobwino za m'kabati zinayamba kuterereka m'manja mwawo modabwitsa. Anawonjezera tizidutswa ta galasi, mabatani opempha kwa a Telala, ndi maluwa ojambula ndi penti yofiira amene ena ankati ndi nkhanu. Dzuwa likawala masana, uvuniwo unkathobwa m'maso. Anthu odutsa ankaima pampanda kufunsa kuti wagona pamenepo ndani.

Moto anauyesapo kamodzi, akazi awo ali ku msika. Anaika tinkhuni tochepa, n'kuyatsa. Utsi, m'malo mokwera ndi chumuni monga anaulangizira, unatulukira pakhomo n'kunyambita laimu uja, bii. Posakhalitsa kunamveka thu, kachidutswa ka mbale kakuuluka n'kukagwa m'madzi a nkhuku. Kena kanatsatira. A Injiniya anathira madzi pamotopo, n'kutha masana onse akuchapa mwaye ndi mswachi wa akazi awo. Kuyambira tsiku limenelo anadziwa mumtima kuti uvuni wawo ndi moto sizingakhalire pamodzi. Ankaukonda uvuniwo moti sakanalola kuti uzunzike ndi ntchito.

Choncho zifukwa zinayamba kubadwa. Dothi silinaume. Dothi lauma kwambiri. Mphepo ikuchokera kolakwika. Nkhuni za masiku ano n'zopanda ulemu.

Akazi awo anamvetsera zonsezo mpaka madzulo ena akutsuka mbale zimene zinapulumuka.

"Abambo, Loweruka kukubwera achemwali."

"Afike, pano ndi pawo."

"Ndawauza kuti adzadya buledi wa mu uvuni wanu. Akapanda kumudya, ine ndabwereka kale piki. Mbewu ya matimati ndili nayo, ndipo mvula sidikira kuti dothi lanu liume."

"Amayi, mukufuna kugwetsa chinthu chimene anthu amaima pamsewu kuchiyang'ana?"

"Amaimanso pakachitika ngozi."

Pikiyo inalidi pakhonde, itatsamira khoma ngati mlendo amene wauzidwa kuti chakudya chatsala pang'ono. A Injiniya ankaidutsa cham'mbali.

Lachisanu anakagogoda kwa a Telala. Anawapeza akupalasa makina, akusoka thalauza la munthu wina amene ananenepa osawauza.

"Achimwene, zandivuta."

"Yatsani moto basi."

"Mukuyankhula ngati munthu wosadziwa luso. Inu mungavale suti ya ukwati n'kukalowa nayo m'khola?"

"Ine sindimanga khola n'kuliveka suti."

Komabe mnzako ndi mnzako, makamaka amene munakhuthula naye mabotolo. Anapangana motere. Loweruka a Injiniya akanda mtanda pamaso pa azimayiwo, n'kuuika m'chitini, n'kukautsekera mu uvuni wozizirawo. Kuseri kwa uvuni, kumene sikuoneka ukaima pawindo, aika chidebe cha utuchi wofuka kuti utsi uzikwera ngati ukuchokera m'chumuni. Kenako akawatsekereza azimayiwo pabalaza ndi tiyi ndi nkhani. Nthawi imeneyo a Telala, amene akhale atagula kale buledi kushopu ya kutali kumene sadziwika, adutsa pa thabwa logwedera la mpanda, achotsa mtanda m'chitini, n'kuikamo buledi wogulayo.

"Koma akhale wotentha," anatero a Injiniya.

"Simbi ndili nayo. Ndimukulunga m'nsalu n'kumusita ngati kolala."

"Pepala lake muchotse."

"Aneba, mukundiyesa mwana?"

Loweruka linafika, alamu awo a Injiniya n'kufika nalo. Anali mayi wamkulu thupi, woyankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga mlandu, amene chikwatiwire mng'ono wawo sanaonepo chifukwa chake. Anaima patsogolo pa uvuni, chikwama chili m'khwapa, n'kuuyang'ana kuyambira pansi mpaka pachumuni.

"Alamu, mwamanga bwino. Maliro ake tinaphonya bwanji?"

"Sekani lero, alamu. Mukalawa buledi wake mudzapempha kusamukira kuno."

"Iyi si mbale imene ndinakupatsa ine, iwe?" alamuwo anatembenukira kwa mng'ono wawo, chala chili pa kachidutswa ka maluwa abuluu.

"Ndi yomweyo, achemwali. Inakwezedwa pantchito."

A Injiniya anavala chipewa chachikasu chija ndi epuloni ya akazi awo, n'kuyamba kukanda mtanda patebulo la kukhitchini. Fulawa anafika m'makutu. Ankaumenya mtandawo, kuutembenuza, kuunong'oneza, uku akufotokoza kuti buledi wa m'mashopu ndi mphepo yokhayokha yovekedwa chikopa, kuti munthu ukadya umamva njala ukadali kutafuna. Atatha anaunyamula m'chitini ngati mwana wopita naye kusikelo.

"Tsopano aliyense asayandikire kuseri. Kutentha kwake kumawaula nsidze. Ndisadzamve kuti sindinanene."

"Nkhuni mwatenga kuti?" anafunsa akazi awo. "Mulu wanga uli momwe unalili."

"Uvuni wabwino sudya zambiri, amayi. Si ngati anthu ena."

Alamu aja anaika kapu pansi n'kuwayang'ana. A Injiniya anatuluka msanga.

Utuchi unafuka bwino lomwe. Utsi unakwera kuseri kwa uvuni, woyera, waulemu, osakhudza laimu ngakhale pang'ono. A Injiniya anauyang'ana n'kumva kuti mwina uinjiniya weniweni ndi umenewu. Anabwerera pabalaza, n'kukhala pampando woyang'ana kukhomo la kuseri kuti aliyense wofuna kutuluka ayambe wadutsa pa iwo.

Nkhani anazikamba. Anakamba za pageti paja, za bwana wina amene anawafunsa nzeru ya denga, za mmene kutentha kumazungulirira m'mphanga ngati munthu wosochera. Akazi awo atadzuka kuti akaanule zovala, anawagwira mkono mwachikondi chimene mayiwo anali asanachione chiyambire chaka.

"Khalani, amayi, mumatopa kwambiri inu."

"Achemwali, mwamva? Akuti ndimatopa."

"Ndamva. Kapena akudwala."

Kuseri kunamveka thabwa likulira, kenako chitseko cha mgolo chikukhuluzika, kenako munthu akutsokomola ndi utsi wa utuchi. A Injiniya anatsokomola nawo mokweza kuti aphimbe, mpaka misozi.

"Kodi fungo la buledi silimveka pophika?" anafunsa alamu.

"Uvuni wanga sutaya kanthu. Fungo lonse limatsalira m'kati mwa buledi."

"Ndiye ndi wakhalidwe. Ukanakhala mwamuna ndikanakwatiwa nawo."

Patapita nthawi makina a a Telala anayambanso kulira kuseri kwa mpanda. Chimenecho chinali chizindikiro. Mtima wa a Injiniya unakhala pansi. Anayang'ana dzuwa pawindo, n'kunyowetsa chala, n'kuchiimika m'mwamba, n'kulengeza kuti buledi wapsa.

"Inu khalani pakhonde pomwepa. Ndibweretsa."

Anakulunga manja ndi matawulo awiri. Anatsegula chitseko cha uvuni atatembenuzira nkhope kumbali ngati akuthawa lawi, n'kubwerera m'mbuyo, n'kudzikupiza ndi chipewa. M'katimo munali zii ngati m'mtsuko, koma chitini chinalipo, chitaphimbidwa ndi kansalu koyera, ndipo atachigwira anamva kufunda. A Telala sananame, simbi inagwira ntchito. A Injiniya ananyamula chitinicho akuthamanga timasitepe tating'ono, akupemerera zala, akudandaula kuti apsa.

Patebulo la pakhonde akazi awo anali ataika kale thireyi, batala ndi mpeni. Fungo la buledi linakwera, lenileni, losakanikira pang'ono ndi la nsalu yositidwa. Alamu ananunkhiza, nkhope yawo n'kusintha ngati munthu amene wapeza kuti mlandu umene anaukonzekera wathetsedwa. Akazi awo anayang'ana chitini, n'kuyang'ana uvuni umene unali mbee ngati sunaonepo utsi chibadwire.

A Telala anasuzumira pampanda, tepi m'khosi.

"Zapsa, aneba?"

"Bwerani mudzaone, achimwene, mudzakhale mboni. Anthu ena pano anabwereka piki."

"Ayi, ndionera konkuno," anatero a Telala. "Kungoti, aneba, pajatu ndimafuna ndikuuzeni..."

"Mundiuza tikadya."

A Injiniya anaimirira bwino, chifuwa patsogolo. Anati buledi ngati ameneyu sapezeka ndi ndalama, amafuna dothi lodziwa ntchito ndi mutu wa munthu. Anati kuyambira lero m'nyumba muno simudzalowanso buledi wa m'pepala. Anati alamu akafuna, adzawamangira wawo, koma adikire pamzere.

Anasolola kansalu kaja maso ali pa alamu, kuti asaphonye manyazi awo. Anagadabuza chitini pathireyi, n'kuchigogoda kumsana, n'kuchikweza pang'onopang'ono ndi manja awiri.

Buledi anaima pathireyipo kanthawi, wofiirira bwino, wamakona ake anayi. Akazi awo anatola mpeni kuti awapatse. Usanafike m'manja mwawo, kagawo ka kumapeto kanapendekeka n'kugona chagada. Kachiwiri kanagona pamwamba pake, kachitatu n'kutsatira, mpaka buledi yense anayala pathireyi, wodulidwa kale ndi makina, magawo ofanana ngati mapasa.